Mastermind: kabokosi kondionetsa momwe mutu wanga umadumphira

Mastermind ndi masewera a anthu awiri omwe Mordecai Meirowitz anayambitsa mu 1970. Wina amabisa tizikhomo tinayi tamitundumitundu kuseri kwa kachotchinga, mnzake n'kumayesa kutulukira. Mitundu ilipo 6, mabowo 4, ndipo mtundu ukhoza kubwerezedwa, ndiye kabisidwe kake kangakhale ka njira 1,296. Ukayika mzere wako, wobisayo amayankha ndi tizikhomo ting'onoting'ono: kakuda ngati mtundu ndi malo zonse wakhoza, koyera ngati mtundu ulipo koma wauika pena. Malamulo ndi omwewo basi.

Chimene ndimawakondera n'chakuti amakugwira ukudzinamiza. Kakuda kakangotuluka kamodzi, m'mutu mwanga mumabwera chithunzi nthawi yomweyo: chofiira chija, chili kumanzere. Palibe wandiuza zimenezo. Kakudako kangakhale ka chobiriwira, kapena cha chikasu chakumapeto, koma chithunzi choyamba chimakhala pampando n'kukana kuchoka, mizere yotsatira yonse n'kumamangidwa pamwamba pake.

Philip Johnson-Laird, katswiri wa za maganizo, wakhala akunena kuyambira zaka za m'ma 1980 kuti anthu sitiganiza potsata malamulo olembedwa ngati a masamu. Timaumba m'mutu zithunzi za momwe zinthu zingakhalire, ndipo zikachuluka timatopa, n'kugwira chimodzi kapena ziwiri. Ananenanso kuti m'zithunzizo timasunga zimene zili zoona, zimene sizili zoona timazitaya. Apa ndiye masewerawa amamuikira umboni. Taonani nkhope ya munthu amene waika mitundu inayi yosiyana, wobisa osaika kanthu. Amadandaula kuti mzere wapita pachabe. Pachabe pati? Mitundu inayi yatuluka, yatsala iwiri, ndipo njira zatsika kuchoka pa 1,296 kufika pa 16. Ndi mwayi waukulu, koma popeza yankho lake ndi "palibe", mutu suliwerengera.

Donald Knuth, katswiri wa za makompyuta, anasonyeza mu 1977 kuti ukasewera mwadongosolo, sungapyole mizere isanu. Njira yake imafuna kuwerenga zotheka zonse zotsala, ntchito ya kompyuta imeneyo. Ife a mitu ya nyama timangofunika kudzifunsa tisanaike mzere kuti, kodi pali kakonzedwe kena kogwirizana ndi mayankho onsewa?

Zodandaulitsa zilipo. Tizikhomo toyankhira n'tating'ono kwambiri, kakagwa pansi muiwale. Amene amavutika kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira sasangalala nawo. Komanso wobisa amangokhala kuyasamula mnzake akuganiza, ndipo akalakwitsa yankho limodzi masewera onse afa, mumadzazindikira kumapeto mukukangana.

Ngakhale zili choncho, gulani ngati muli ndi mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kupita m'tsogolo, kapena mnzanu wokonda makani. Muzimuuza azilankhula mokweza chifukwa chomwe waikira mtundu uliwonse. Kumvetsera zimenezo kumakoma kuposa kupambana.