Kalasi ya makhalidwe ya ana ku Senga Bay: phunziro ndi labwino, koma eni makoka sabwera

Pafupi ndi doko lina la asodzi ku Senga Bay pali kalasi ya masana imene anthu ongodzipereka a m'deralo amayendetsa, ndipo cholinga chawo n'chochotsa ana kunyanja ndi m'minda ya eni powaphunzitsa makhalidwe. Mwana wa mchemwali wanga amaphunzira nawo, ndipo ndakhala ndikumuperekeza mokwanira kuti ndinenepo maganizo anga. Salipiritsa kalikonse. Amakumana Lachitatu ndi Loweruka m'chipinda cha sukulu, ndipo anasankha nthawi yosagundana ndi madrasa kapena zochitika za kutchalitchi, zimene zili zanzeru m'dera limene Asilamu ndi Akhristu amakhala khomo loyandikana.

Kaphunzitsidwe kake ndakayamikira. Salalikira ana kuti azingomvera akulu, koma amawapatsa timasewero. Tsiku lina mnyamata wina anasewera ngati mwini khoka la chilimira amene akunyengerera mnzake kuti agone panyanja usiku wonse akukapa madzi m'bwato, malipiro ake kambale ka usipa. Mphunzitsi anaimitsa sewerolo pakati n'kufunsa kuti, "Ana inu, mnzanuyu mawa m'kalasi adzamva chiyani?" Kamtsikana kena kanayankha kuti adzangowodzera, ndipo mphunzitsi anachokera pomwepo kukambirana nawo za kusunga nthawi, kuona mtima ndi kukana mwaulemu munthu wamkulu akakutuma zosayenera. Amasiyanitsanso bwino ntchito za pakhomo, monga kutunga madzi ndi kusesa, ndi ntchito imene imalanda mwana sukulu ndi tulo. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa makolo ambiri akangomva nkhaniyi amaganiza kuti akuletsedwa kutuma ana awo. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa ntchito yoika moyo pachiswe aliyense wosakwana zaka 18, ndipo aphunzitsiwo amalifotokoza m'Chichewa chomveka.

Vuto langa lili pa amene akuphunzitsidwa. Kafukufuku wa boma wa chaka cha 2015 anapeza kuti ana 38 pa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 m'dziko muno amagwiritsidwa ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo sindikhulupirira kuti ana onsewo anasowa mwambo. Mwana amene wayanika usipa pathandala kuyambira m'bandakucha, kapena amene watha tsiku akuingitsa mbalame m'minda ya mpunga ku Lifuwu, si waulesi kapena wamwano. Nthawi zambiri ndi iye amene wamvera makolo kuposa anzake. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994 ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linaiika kukhala yokakamiza, koma yunifolomu ndi makope zimafunabe thumba, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma, ganyu ya mwana ndi imene imabweretsa ufa wa madzulo. N'chifukwa chake usipa ukagwa wambiri m'kalasimo mumatsala ana ochepa, ndipo amene amasowa ndi omwe phunziroli linawakonzera.

Anthu amene khalidwe lawo likufunika kukonzedwa, eni makoka ndi amalonda olemba ana chifukwa ndi otsika mtengo, sindinawaonepo pakhomo la kalasiyo. Msonkhano wa makolo ulipo, koma umadzaza ndi amayi ndi agogo okhaokha. Izi zimandidabwitsa, popeza boma lathu lomwe lino la Salima lili ndi chitsanzo cha chilumba cha Mbenji, kumene mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi nyengo ya mvula ndi kuletsa mowa ndi njuga, asodzi akuluakulu n'kumamvera. Ngati akulu angamvere lamulo la mfumu pa nkhani ya nsomba, angathenso kumvera pa nkhani ya ana, malinga nyakwawa ndi komiti ya padoko ataitanidwa kuti akhale eni ake a ntchitoyi.

Zinthu ziwiri zimene gululi limazitenga ngati zongowonjezera ndi zimene ndaona kuti zikugwira ntchito kwambiri. Choyamba ndi phala limene ana amamwa asanayambe kuphunzira, lomwe mwatsoka limadukizadukiza ufa ukatha. Chachiwiri ndi banki m'khonde ya makolo, imene yathandiza mchemwali wanga kugula makope popanda kutumiza mwana kudoko. Akanachita bwino atathandizanso mabanja ovutikitsitsa kudziwa mmene ndondomeko ya Mtukula Pakhomo imayendera, m'malo mongoitchula podutsa.

Kholo la mwana wa pulayimale limutumize kumeneko mosakayika, ndipo nalonso lipiteko ku msonkhano wa makolo, makamaka abambo. Achinyamata amene analowa kale m'gulu la alovi, antchito a m'mabwato a asodzi, ndipo anazolowera kugwira ndalama sadzapezako zambiri, chifukwa kalasiyo ilibe maphunziro a ntchito zamanja kapena njira yowabwezera kusukulu. Mwana azinyamula kapu yake ndipo azifika msanga, popeza phala limagawidwa koyambirira.