Mango, masawu, bwemba, malambe kapena jinja: chokometsera kombucha kuno kuchigwa ndi chiti?

Malangizo ambiri a kombucha, chakumwa chopangidwa posasitsa tiyi wothira shuga, amalembedwa ndi anthu okhala kumalo ozizira, kumene tiyi amatenga masiku 7 mpaka 14 kuti asase. Tizilombo ta mu SCOBY, chikhungu choterera chija choyandama pamwamba, timagwira bwino ntchito pa madigiri 24 mpaka 28. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira 40, ndiye tiyi amawawasa msanga, shuga n'kuthera momwemo. Choncho posankha chokometsera, musayambe mwafunsa za fungo. Funsani kuti chipatsocho chili ndi shuga wochuluka bwanji, komanso ngati chikuwonjezera kuwawasa komwe kulipo kale.

Zonse ndikutchulazi zimalowa m'botolo lotseka, SCOBY mutaichotsa kale. Iyo ingodya tiyi wa ku Thyolo ndi shuga wa ku Nchalo basi. Zipatso zikalowa m'chibotolo choyamba, momwe tiyi amasasira ndi SCOBY, zimaitana nkhungu, ndipo mafuta a m'zitsamba amafooketsa SCOBY.

Mango ndiye amakoma kuposa zonse, palibe wotsutsa. Kutsekemera kwake kumaphimba kuwawasa, moti ngakhale mlendo amene sanalawepo kombucha amapempha ina. Vuto lake n'lakuti amapsa nthawi yomwe dzuwa likuswa mtengo. Shuga wake amasanduka mpweya mofulumira kwambiri, ndipo botolo lagalasi likhoza kuphulika usiku umodzi. Thirani ochepa, osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a botolo, ndipo muwadule timabenthu m'malo mowasinja. Osinja amatulutsa thovu lokhalokha mukamatsegula, theka la botolo n'kuthera pansi. Dziwaninso kuti shuga akachuluka, kamowa kamene kamapangika m'katimo kamakwerako. Amene samwa mowa komanso ana asapatsidwe yomwe yakhalitsa.

Masawu ine ndi amene ndimawaika patsogolo. Amabwera nthawi yozizira, cha mu Juni mpaka Ogasiti, pamene kombucha imasasa pang'onopang'ono ndipo mumatha kuilamulira. Shuga wake ndi wapakatikati: wokwanira kupereka mpweya, wosakwana kuswa botolo. Kuti amasasa bwino, ophika kachasu anadziwa kalekale. Owuma amasungika miyezi ingapo, ndipo fungo lawo n'lamphamvu kuposa la aawisi. Ingowaviikani kaye m'madzi otentha, azizire, kenako muwafinye pang'ono kuti khungu ling'ambike. Aawisi muziwang'amba limodzilimodzi, chifukwa tonse tikudziwa amene amakonda kukhala m'kati mwa sawu. Kakomedwe kake kamapita kwa apulo wowawasira pang'ono, ndipo kamagwirizana ndi tiyi wakuda.

Bwemba ndi malambe anthu amazithamangira poti n'zathu, zili ponseponse kuyambira ku Ngabu mpaka ku Bangula. Koma zonse ziwiri n'zowawasa kale, ndiye mukuthira chowawasa m'chowawasa. Bwemba angapulumuke: ali ndi shuga wake ndithu, ndipo mukamuviika, kusefa, n'kuthira kasupuni ka shuga pa theka la lita, amatuluka wokoma, makamaka ngati kombucha mwaiphula isanawawasitse. Malambe ndi nkhani ina. Ufa wake umakhuthalitsa madzi, umakhazikika pansi ngati matope, ndipo paokha sapereka mpweya wokwanira. Vitamini C alimo wambiri, inde, koma ameneyo mungamupeze posungunula malambe m'kapu nthawi yakumwa, osavutitsa botolo.

Tsopano za zitsamba. Jinja sagwiritsa mwala. Kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu, kopalidwa, kamakwana theka la lita, ndipo mpweya umabwera wabwino popanda shuga wambiri. Amapezeka chaka chonse, komanso amakometsa anzake: masawu ndi jinja, bwemba ndi jinja, zonse zimayenda. Chidede chimapereka mtundu wofiira umene umakopa maso, koma nachonso n'chowawasira, ndiye timaluwa touma titatu kapena tinayi takwana. Lemon grass ndi timbewu tonunkhira zilibe shuga ngakhale pang'ono. Zimapereka fungo lokha, ndipo popanda kuthira shuga pang'ono mumwa kombucha yopanda thovu. Mandimu ndi a nthawi yakumwa, chifukwa khungu lake likakhalitsa m'botolo limawawa.

Nanazi wa ku Mulanje muzimutenga ngati mango, mwinanso kuposa. Mavwende ndi mapapaya sindikulimbikitsani: pakatentha fungo lake limasintha msanga, osati mokomera.

Chilichonse chimene mwasankha, dzazani botolo limodzi lapulasitiki la zakumwa zoziziritsa kukhosi pambali pa agalasiwo, mutasiya mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kukhosi kwa lililonse. Lapulasitikilo likalimba moti chala sichikulowa, onse apsa. M'nyengo yotentha mango ndi nanazi zimafika pamenepo tsiku limodzi lokha, pamene masawu a mu Julayi angatenge masiku awiri kapena atatu. Akapsa, alowe mufiriji. Ngati mulibe, kapena magetsi athima, imikani mabotolo m'beseni la madzi ozizira pamthunzi, muzitsegulako pang'ono m'mawa ndi madzulo kuti mpweya utuluke, ndipo a mango muyambe kumwa amenewo.