Kachikwama konyezimira ka paphwando: musagule monga ndinagulira ine

Chindichititsireni manyazi kachikwama kanga kagolide pa ukwati wa mng'ono wanga, anzanga sakusiya kundifunsa kuti nanga agule kotani. Ndiyankhe kamodzi pano.

Ndiyambe ndi komwe kanandipweteka mtimako. Kanali kofewa, kowala mochititsa kaso, ndipo wogulitsa ananditsimikizira kuti ndi chikopa. Ndinakanyamula kawiri kokha, n'kukakulunga bwino, n'kukaika m'kabati. Patapita zaka ziwiri ndinakatulutsa kakuoneka bwinobwino, koma nditangokapanira m'khwapa, golide uja anayamba kusupuka. Pofika nthawi yojambula zithunzi, diresi langa lakuda linali mbuu ndi tinyenyeswa, m'manja namonso. Zithunzizo zilipo mpaka lero, ndipo ndikaziona mtima umandiwawabe.

Chomwe sanandiuze n'chakuti chikopacho chinali nsalu yomatidwa pulasitiki wotchedwa PU, pamwamba pake kautoto kopyapyala. Pulasitiki ameneyu amaonongeka ndi chinyezi komanso kutentha, kaya mukukanyamula kaya kangokhala. Ndiye taganizani: kachikwama ka paphwando kamatuluka kawiri kapena katatu pachaka, masiku ena onse kali m'kabati, kakutha pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Kakayamba kusupuka palibe mmisiri angakakonze. Kutchipa kwake n'kumene kumatinyenga, amayi anzanga, chifukwa ukwati wina ukabwera mukagulanso.

Ka chikopa chenicheni chokutidwa golide sikanyenyeka choncho, koma kuwala kumafufutika m'makona, ndipo mtengo wake ndi wokwera.

Kabokosi kolimba kachitsulo, komwe a kampani yopanga ndolo ndi mphete zamtengo wapatali ya Van Cleef & Arpels anakatchukitsa ku Paris m'zaka za m'ma 1930, n'kokongola kuposa tonse, sindikana. Vuto ndi foni. Mafoni ambiri masiku ano ndi otalika masentimita 15 kapena 16, pomwe kabokosi sikatambasuka n'pang'ono pomwe. Yesani kulowetsa foni yanu musanapereke ndalama, ndipo mutseke mpaka chotsekera chilire.

Tsopano kanga ka pamtima: ka tizitsulo tolukanalukana ngati ukonde, mtundu womwe a kampani ya Whiting & Davis ya ku Massachusetts ku America amadziwika nawo. Kangako anandisiyira azakhali anga, ndipo iwo anakanyamula ndisanabadwe. Kuwala kwake n'kwa chitsulo chenichenicho, sikasiya nyenyeswa pa chovala. Kakazirala ndimangokapukuta ndi kansalu kofewa. Kamapindika ngati nsalu, moti foni, lipisitiki ndi makiyi zonse zimalowa. Inde n'kolemerapo, ndipo kamphete kamodzi kakatseguka kamakola diresi la lesi, choncho pogula ndimadutsitsapo mpango wopyapyala kuti ndimve ngati pali pokola.

Mukandifunsa, ndikuuzani kolukanako. Ka PU sindikalolanso m'kabati mwanga, ngakhale wina atandipatsa ngati mphatso.