Therere lobala ku Thyolo: kufesa m'machubu kapena kubzaliratu m'munda?

Anzathu a ku Chikwawa amangoponya njere za therere pansi n'kumakolola, chifukwa mbewuyi imakonda kotentha. Ife a kuno ku Bvumbwe tili pamtunda, ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimasiya dothi lili zii ngati madzi a mumtsuko. Dothi likapanda kufika madigiri 20, njere imachedwa kumera, ina imangowolera pansi. Ndiye nkhani yagona pa nthawi ndi kabzalidwe.

Njira yomwe ndazolowera ndi yobzaliratu m'munda kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, dzuwa litayamba kuswa mtengo. Njere ndimaziviika m'madzi usiku umodzi chifukwa khungu lake ndi louma gwa, kenako ziwiri pa phando, mapando atalikirane masentimita 30 mpaka 45. Therere lili ndi muzu waukulu wolowa pansi molunjika, ndipo muzuwo sufuna kusunthidwa. Likamerera pomwe lidzakulire, limangopita. Mtundu wa Clemson Spineless, womwe umapezeka m'masitolo a mbewu, umayamba kubala pakatha miyezi iwiri, ndiye mu Disembala ndiwo zilipo. Chowawa chake ndi kuthirira. Mu Okutobala chitsime chimatsika, ndipo ngati dimba lanu lili kutali ndi madzi, msana udzakuuzani.

Machubu apulasitiki, aja timafeseramo mitengo, amathandiza kuba masabata atatu kapena anayi. Mumafesa mu Ogasiti, kuika machubuwo pakhonde pomwe dzuwa limawomba, madzulo n'kuphimba ndi pepala lapulasitiki loyera kuti kutentha kusathawe. Kunja kukafunda, mbande zimakhala zakonzeka. Wogulitsa pamsika wa Bvumbwe apa ndiye amapindula, chifukwa amafika ndi therere anzake asanayambe kuthyola.

Koma machubu salola ulesi. Chaka china ndinachedwa kuwokera, mbande zinakhalamo masabata asanu ndi limodzi, muzu unapindana pansi ngati nkhata. Nditawokera zinangoima njo, masamba achikasu, mpaka lomwe ndinabzala m'munda pambuyo pake linazipitirira. Mayi a kunyumba sasiya kundiseka nazo. Wokerani mbande zikadali ndi masabata atatu kapena anayi, ndipo chubu ching'ambeni ndi lezala, musazule, dothi lipite lonse ndi muzu.

Ena amadikira mvula ya mu Novembala kapena Disembala. Zimatheka, makamaka pa mizere yokwera bwino kuti madzi asadikhe, koma nthawi yokolola imafupika. Usiku ukayamba kuzizira cha mu Epulo ndi Meyi, maluwa amachepa, masamba amayamba kuyera ngati awazidwa ufa.

Kwa ine, ngati therere ndi la m'poto wa pakhomo, bzaliranitu m'munda, musadzivute. Machubu asiyireni amene ali ndi madzi okwanira komanso msika. Njira iliyonse, thyolani masiku awiri kapena atatu aliwonse likadali lanthete, lotalika ngati chala, chifukwa likakhwimira pamtengo mbewuyo imaleka kubala. Mu Juni mabedi aja ndimawapatsa mpiru ndi repu, ndipo nkhuli ya therere ikandigwira timaphika lomwe tinadula n'kuyanika mu Malichi.