Nyumba zamdadada m'madera atsopano: malo zimasunga, koma fufuzani khoma lapakati

Omanga nyumba zogulitsa m'mphepete mwa mizinda akukonda kwambiri zamdadada: nyumba zisanu kapena kuposerapo zogundizana makoma, iliyonse ndi khomo lake ndi kabwalo kuseri. Chimawakoka ndi masamu a malo. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, ndipo misewu ndi ngalande zikatenga gawo lake pamatsala pafupifupi 7,000. Mukadula mapuloti a masikweya mita 600 mupeza nyumba 11 zokha. Mukadula a mamita 6 m'lifupi ndi 25 m'litali, zimakwana 46. Msewu umodzi, paipi imodzi ya madzi ndi mapolo omwewo a magetsi zimatumikira mabanja ochuluka kanayi, motero mtengo wa nyumba umatsikako. Apa palibe chotsutsa, ndipo wogula amakhalabe pansi, osati m'mwamba ngati wa m'fulati.

Pamene nyumbazi zimapambanira kapena kugwera ndi pa khoma lapakati. Omanga ena amaika khoma la theka la njerwa, lokhuthala mamilimita 115 okha, kenako n'kulibisa ndi pulasitala ndi penti. Kukhala m'nyumba yotere kuli ngati kugona chipinda chimodzi ndi anansi: mumamva wailesi, mwana akalira, ngakhale chitseko cha bafa. Lofunika ndi la njerwa yathunthu, mamilimita 230, lopakidwa pulasitala mbali zonse, kapena makoma awiri okhala ndi mpata wa mamilimita 50 pakati. Kuyeza n'kosavuta. Tengani m'lifupi mwa nyumba zonse kunja, chotsani m'lifupi mwa zipinda mkati, muone chotsala, chomwe ndi kukhuthala kwa makoma onse pamodzi. Ngati wogulitsa akuzengereza kuonetsa pulani, dziwani kuti pali chifukwa.

Kukhuthala kokha sikokwanira. Masoketi a magetsi akaikidwa moyang'anizana msana ndi msana, khoma limakhala labooledwa mbali zonse ndipo phokoso limadutsira pomwepo. Choopsa kwambiri chili pamwamba pa siling'i. Kwerani pa kabowo kolowera kudenga ndi tochi. Khoma lapakati liyenera kukwera mpaka kukhudza malata, popanda mpata. Likathera pa siling'i, denga lonse limakhala mphanga imodzi, ndipo moto woyamba kukhitchini ya nyumba yoyamba umayenda m'matabwa mpaka yomaliza. Mbava nayonso imadutsa momwemo, makoswe osanena.

Za kuwala ndi mpweya zimadalira kuti mwasankha iti. Nyumba yapakati ili ndi mazenera kutsogolo ndi kumbuyo basi. Kuwala kwa dzuwa kumalowa mtunda wa kawiri kutalika kwa zenera kuchokera pansi, ndiye nyumba ikapitirira mamita 10 kapena 12 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, pakati pake pamakhala mdima masana. Ndi pomwe omanga amakankhira bafa ndi chimbudzi. Zikakhala zopanda kazenera kapadenga kapena fani yotulutsa nthunzi, nkhungu imayamba m'makona a siling'i, penti n'kumasupuka. Lamulo lodziwika m'mayiko ambiri ndi lakuti mazenera akhale 10 peresenti ya kukula kwa chipinda, ndipo theka lake likhale lotseguka.

Madzi a mvula ambiri sawaganizira. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 60 likalandira mvula ya mamilimita 30 limakhuthula malita 1,800, ndipo mdadada wa nyumba zisanu ndi imodzi umakhuthula oposa 10,000. Pa puloti yaikulu nthaka ikanamwa, koma pano bwalo lonse ndi konkire. Ngalande ikakhala yaying'ono kapena yosapendekeka, madzi onsewo amakathera pakhomo la nyumba yakumunsi. Mzere wa chinyezi m'munsi mwa khoma lake umaulula zonse.

Paipi ya zonyansa nayo ndi imodzi kwa onse. Ya mamilimita 110 iyenera kutsika pafupifupi mita imodzi pa mamita 40 alionse, ndipo polumikizira nyumba iliyonse pakhale chivindikiro chotsegula. Ikatsekeka kumunsi, zobwerera zimatulukira kwa munthu amene sanalakwe. Funsani zolembedwa zonena amene amalipira kukonza paipiyo, denga ndi msewu wolowera, chifukwa mikangano yambiri ya m'midadada imayambira pamenepo. Ndipo pamene palibe paipi yaikulu ya mzinda, kabwalo kakang'ono chotere sikakwana sepitiki thanki ndi dzenje lomwetsera madzi pa nyumba iliyonse.

Galimoto imodzi imafuna malo a mamita 2.5 ndi 5. Pa khomo la mamita 6 imodzi imakwana bwino, koma yachiwiri ikalowa pamatsala mita imodzi yokha yodutsa anthu.

Kwa banja laling'ono lofuna kukhala pafupi ndi ntchito, nyumbazi n'zoyenera ndalama zake, bola khoma ndi ngalande zikhale monga tafotokozera. Wofuna kudzawonjezera zipinda mtsogolo asataye nthawi, popeza m'mbali mulibe kothawira. Ngati pali mwayi wosankha, tengani yakumapeto, ya mbali yokwera: ili ndi mazenera mbali zitatu, mnansi wogundana naye ndi mmodzi, ndipo mutha kukafika kuseri osadutsa pabalaza ndi wilibala.