Peter Pan wa Mary Martin: kinescope ya 1955 kapena tepi ya 1960?

Sewero ndi lomwelo, lanyimbo la Peter Pan, mnyamata wouluka. Mary Martin (wosewera Peter) ndi Cyril Ritchard (wosewera Captain Hook) ali m'makope onse awiri a pa TV, koma chimene diso limaona n'chosiyana kutalitali.

La pa 7 March 1955 linaulutsidwa ndi kanema wa NBC ku America pompopompo, patangopita masiku ochepa litatsekedwa ku Broadway, dera la nyumba za zisudzo ku New York, ndipo analionera anthu pafupifupi 65 miliyoni. Linaulutsidwa lamitundu, koma kope limene linatsala ndi lakuda ndi loyera. Chifukwa chake n'chakuti tepi ya vidiyo kunalibe. Makina a Ampex ojambulira pa tepi ya vidiyo anatuluka mu 1956. Chimene ankachita ndi kuloza kamera ya filimu pa galasi la TV n'kujambula zimene zikuoneka, ndiye kinescope imeneyo.

Vuto lagona pa liwiro. TV ya ku America imaonetsa zithunzi 30 pa sekondi, filimu imatenga 24, motero zina zimatayika ndipo munthu akamathamanga kapena kuuluka pa waya amaoneka ngati akudumphadumpha. Kamera ikapanda kugwirizana bwino ndi galasilo, pamadutsa mzere wopingasa. Zoyera zimawala mopitirira, zakuda zimangosanduka mdima, moti nkhope ya amene waima kumbuyo mumachita kuiganizira.

La pa 8 December 1960 linajambulidwa pa tepi yamitundu ya mainchesi awiri lisanaulutsidwe. Chovala chobiriwira cha Peter chimaonekadi chobiriwira, kayendedwe n'kosalala, n'chifukwa chake NBC inalibwereza mu 1963, 1966 ndi 1973. Kuwala kumeneko kuli ndi kuipa kwake: mawaya oulukira ndi mapenti a pa siteji sabisika. Ana osewera ndi ena, popeza a 1955 anali atakula, ndipo Martin anali ndi zaka 47, osati 41.

Woonera ndi ana atenge la 1960 basi, sangapirire chithunzi cha mbuu. Koma wofuna kuona mmene gulu la ku Broadway linkasewerera, thukuta lili kamukamu, podziwa kuti akaphonya palibe kubwereza, asankhe kinescope. Aionere pa galasi laling'ono, asaitambasule kuti idzaze TV yamakono, chifukwa inajambulidwa pa muyezo wa 4:3 wa ma TV akale ndipo kuikoka kumafufumitsa nkhope za osewera.