Kashopu ka mbale zakale za nyimbo ku Kamwala, kumene ndinapezera atate WITCH yawo

Atate anakwanitsa zaka 72 mwezi watha, ndipo ndinatopa kuwagulira malaya amene amangopinda n'kuika m'sutikesi. Anachoka ku Katete akadali mnyamata n'kukagwira ntchito pa mgodi wa Nkana ku Kitwe, ndiye akayamba nkhani ya WITCH, gulu loimba la ku Kitwe la zaka za m'ma 1970, nsima imazizira patebulo. Galamafoni yawo ikadalipo ku Chilenje, koma mbale zinatha kalekale. Zina zinapindika ndi dzuwa, zina anabwereka anthu amene tinawaika kale m'manda.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilozera kashopu kena ku Kamwala, konkuno ku Lusaka, kuseri kwa mashopu a zitenje. Chikwangwani palibe. Kutsogolo amakonza mawailesi, mbale zili mkati m'makatoni a sopo. Mwini wake ndi mdala waimvi wosadziwa kufulumira. Nditatchula WITCH anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwananga, mukugulira ndani? Msinkhu wanuwu si wa nyimbo zimenezi."

"N'za atate anga, agogo. Anali ku Kitwe."

Basi, anandikokera mpando. Anatulutsa chimbale cha WITCH cha Lazy Bones!! n'kundiuza ndisanafunse n'komwe kuti sichinali chenicheni cha 1975, koma chodindidwanso ndi kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles. Apa m'pamene anandigwira mtima, chifukwa ine sindikanasiyanitsa, ndipo akanatha kundidyera. Komabe zinandiwawa pang'ono kuti nyimbo zobadwira ku Copperbelt zikutipeza zitakwera ndege kuchokera ku America, mtengo wake wokwanira matumba angapo a ufa.

Chimene mumalipira kwenikweni pamalopa ndi mutu wa mdalayo. Anandifotokozera kuti Emmanuel Chanda, woimba wamkulu wa WITCH, anapatsidwa dzina loti Jagari chifukwa anthu ankamufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones akakhala pa siteji. Anyamata a nthawiyo ankamvera Jimi Hendrix ndi James Brown, n'kutenga gitala yolira mosasa ija kuisakaniza ndi kaimbidwe ka ng'oma za kwathu. Ndiye Zamrock imeneyo. A Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pawailesi zikhale za m'dziko muno, magulu anachuluka ngati bowa. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ankawatulutsira nyimbo, kampani ya Teal ku Ndola n'kumadinda mbale.

Kenaka mtengo wa kopa unagwa, kunabwera lamulo loletsa kuyenda usiku, madansi anafa. Jagari anakaphunzira uphunzitsi wa nyimbo pa Evelyn Hone College konkuno ku Lusaka, pambuyo pake n'kukakumba miyala yamtengo wapatali. Anzake oyamba nawo gululo onse anatisiya. Koma mu 2023 iye ndi Patrick Mwondela, woliza kiyibodi amene analowa m'gululo pambuyo pake, anatulutsa chimbale chatsopano, Zango, ndipo akuimbanso maiko akutali.

Ndinafunsa chifukwa chimene ankaimbira kwambiri m'Chingelezi, poti ine zimenezo zimandichotsa chidwi. Mdalayo anaseka. Anati munthu wotuluka pansi pa mgodi Lachisanu sankapita ku holo kukamvetsera mawu, ankapita kukachotsa fumbi m'thupi. Mawuwo ndi jekete yobwereka, koma thupi lili mkatimo ndi lathu. Sindinagwirizane naye kwathunthu, pakuti Paul Ngozi ankaimbanso m'Chinyanja ndipo amandifika pamtima kuposa, koma ndinamva chimene ankatanthauza.

Tsopano zolakwika, poti zilipo. Ndinatenganso mbale yakale ya Ngozi Family, gulu la Paul Ngozi, koma magetsi anali atathima, sitinaiyese. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti mbali yachiwiri ili ndi mzere wakuya, singano ikungobwereza malo amodzi. Risiti sapereka. Ndalama za pafoni salandira, amafuna zogwirika. Fumbi ndiye musanene, wachifuwa atenge kansalu. Nthawi yotsegulira ili m'mutu mwake. Ulendo woyamba wobweza mbale ija ndinapeza loko masana a Lachiwiri, ndinangoononga ndalama ya minibasi. Ulendo wachiwiri anailandira popanda mkangano, n'kundibwezera ndalama zonse. Mukapita, onetsetsani kuti magetsi alipo ndipo mumve mbali zonse ziwiri musanatulutse chikwama.

Tsiku la phwando atate anatsegula mphatsoyo osalankhula kanthu. Anapukuta mbaleyo ndi mpango wawo, anaika singano, gitala italira anaimirira, ndodo n'kuisiya pampando. Amai anakuwa ali kukhitchini kuti, "Inu, bondo lija!" koma sanawamve. Nyimbo itatha anakhala pansi akupuma mwawefuwefu, n'kundiuza kuti singano ya galamafoni yatha, ikudya mbale. Ndiye Loweruka ndikubwereranso ku Kamwala, ndipo akuti ulendo uno tipitira limodzi, akufuna akamufunse mdala uja ngati anaonerapo WITCH ku Kitwe ndi maso ake kapena amangomva.